Mutu 9: Kuyasamula kwa Madamu

1. Mtsikana wa pawindo

Dzina lakuti Kamtambo sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi Madamu, mphunzitsi wake wa ku pulayimale, chifukwa mtsikanayu thupi linkakhala m'kalasi koma mutu uli pawindo, kuperekeza mitambo kumene ikupita. Dzinalo linamukakamira ngati chisoso pa sokosi. Anapita nalo ku sekondale, n'kulowa nalo ku koleji, ndipo ngakhale m'chipatala mmene ankaphunzira ntchito yogonetsa odwala opita ku opaleshoni, anamwino ankangomuitana kuti Kamtambo.

Kulota ali maso sikunamuthere. M'mawa umenewo anaima m'khonde la ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, atafungata matumba a madzi a diripi, n'kumaonerera dzuwa likulowa pa galasi la chitseko ndi kusewera m'madzimo. Kuwalako kunkagwedezeka pakhoma pang'onopang'ono, khoma lonse n'kumaoneka ngati likupuma. Akanatha kuima pomwepo mpaka masana, koma kumbuyo kwake kunamveka matayala a bedi.

Pabedipo panagona mayi woyembekezera. Kamtambo atangoona chipumi ndi maso aja, miyendo yake inaima yokha bwinobwino ngati ali pamzere. Anali Madamu. Zaka zinali zitadutsa, kachipewa ka ku fiyeta kanali katabisa tsitsi lawo, koma kayang'anidwe kanali komwe kaja, kopangitsa mwana kuyamba kukumbukira zimene walakwa.

"Kamtambo? Iwe uli muno?" anatero Madamu. "Ndiye kuti moyo wanga auika m'manja mwa munthu amene ankaiwala nsapato pabwalo la sukulu."

Anamwino okankha bedi anaseka. Kamtambo anawalonjera mwaulemu. Mmodzi mwa anamwinowo anamunong'oneza kuti mayiwa akhala zaka zambiri pabanja opanda mwana, ndipo pathupi apa ndi pamene anali atasiya kale kuyembekeza. Tsoka lake mwanayo anagona chopingasa m'mimba, choncho adokotala anati njira ndi ya mpeni basi.

Muyenera kudziwa kuti Madamu m'kalasi mwawo ankadana ndi zinthu ziwiri: mwana woyankha akulu ndi mwana woyasamula. Ankati kuyasamula ndi ulesi umene ukutulukira pakamwa. Ndiye Kamtambo, amene tulo tinkamukonda kuposa masamu, anaphunzira luso lomeza kuyasamula. Ankaluma mano, mphuno n'kufufuma, chibwano n'kunjenjemera pang'ono, misozi n'kulengeza m'maso, basi kwadutsa. Pa luso limeneli, kalasi yonse panalibe womuposa.

2. Chenjezo la a Tulo

Mkulu wa ogonetsa odwala m'chipatalamo anali bambo wina wamfupi, wa imvi, amene aliyense ankamutchula kuti a Tulo. Dzinalo linali lachipongwe, chifukwa munthu wogonetsa anzake ameneyu ndiye analibe tulo m'pang'ono pomwe, ndipo pakamwa pake sipankazizira. Anaitanira Kamtambo m'kachipinda kokonzera mankhwala, n'kuyamba kulankhula manja akugwira ntchito.

"Tamvera mwana wanga, ndipo ubwere kuno ndi mutu womwe. Mayi awa sitiwagonetsa onse ayi. Tiwabaya jakisoni pamsana, kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi kuchite dzanzi, koma iwo akhale ali maso, amve mwana wawo akulira. Ubwino wa jakisoni ameneyu ndi umenewo. Koma walira mvula walira matope. Mankhwala obweretsa dzanziwo amafooketsanso mitsempha ya magazi. Mitsempha imatanuka, magazi n'kukakhala m'miyendo osafuna kubwerera kumtima. Pamenepo kuthamanga kwa magazi, kumene timati bipi kuja, kumatsika. Mayi akayamba kusowa magazi kumutu, dziwa kuti mwana nayenso m'mimbamo akusowa mpweya, pajatu awiriwa amadyera mbale imodzi."

Anakoka mankhwala mu sirinji, n'kumata kapepala kolemba dzina la mankhwalawo, n'kuiika pa tireyi pafupi ndi dzanja lawo.

"Denga timafolera mvula isanabwere. N'chifukwa chake diripi taiika ndi singano yaikulu, kuti madzi azilowa mothamanga pamene ndikubaya. N'chifukwa chakenso miyendo tiikulunga ndi mabandeji, magazi asapeze pobisala. Mankhwala awa ndi olimbitsa mitsempha, amakweza bipi, ndipo sindibaya munthu pamsana ndisanawakonze. Amene amayamba kufunafuna makiyi a kabati mayi atatembenuza kale maso, ameneyo wasankha ntchito yolakwika."

Kenaka anatola kamtsamiro kolimba, kokutidwa ndi pulasitiki, kokhuthala mbali imodzi, n'kumupatsira m'manja.

"Aka usakaone kuchepa. Mayi woyembekezera akagona chagada, chiberekero chimapsinja mtsempha waukulu wobweretsa magazi kumtima, monga mmene munthu amapondera payipi ya madzi. Ndiye timakaika kunsi kwa chiuno, mbali ya kumanja, kuti mimba ipendekere kumanzere. Sikachoka mpaka mwana atatuluka, ngakhale atakupempha ndani. Chomaliza ndi ichi. Makina amapima, inde, koma lamba wa pamkono wopimira bipi uja amatenga nthawi kuti afufume ndi kuphwa. Nkhope ya mayi imathamanga kuposa makina. Akayamba kuyasamula, akanena kuti akumva mseru, thukuta likatuluka pamphumi, kaya akayamba kulankhula zosalunjika, usandinong'oneze. Fuula. Muno kufuula si mwano. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndipo muno ikamafa siifa yokha."

Kamtambo anavomera kuti wamva. Anamvadi, ngakhale kuti diso limodzi linali pa kadontho ka mankhwala kamene kanalendewera kunsonga kwa singano, kakunyezimira osagwa.

3. Kamtsamiro

M'fiyeta munali mozizira ndi mwabata. Nyale yaikulu yozungulira inalendewera pamwamba pa tebulo ngati mwezi umene watsika kudzasuzumira. Anthu ovala zobiriwira ankayenda mosamveka mapazi, maso okha kuoneka, ndipo makina ankalira motsatira mtima wa Madamu, pii, pii, pii. Kamtambo ankakonda chipinda chimenechi. Kwa iye chinali ngati pansi pa madzi.

Madamu anawakhazika m'mphepete mwa tebulo, n'kuwauza kuti awerame, msana auturutse kumbuyo. Ntchito ya Kamtambo inali kuima kutsogolo kwawo ndi kuwagwira mapewa. Aka kanali koyamba m'moyo wake kukhudza Madamu, ndipo anadabwa kupeza kuti mapewawo ndi aang'ono, komanso akunjenjemera. Anawamvera chisoni.

A Tulo anapukuta pamsana ndi mankhwala ozizira, n'kubaya mosathamanga. Madzi a diripi anali akutsika kale mwaliwiro. Posakhalitsa Madamu ananena kuti miyendo yawo ikutentha ndipo ikulemera ngati si yawo. Anawagoneka, Kamtambo n'kulowetsa kamtsamiro kaja kunsi kwa chiuno mbali ya kumanja, mimba n'kupendekera kumanzere monga analangizira a Tulo. Lamba wa pamkono anafufuma n'kuphwa, ndipo manambala anali abwino.

A Tulo anatembenuka kukataya singano m'bokosi lake. Pomwepo azamba anawafunsa za mankhwala obaya mayi mwana akangobadwa, ndipo awiriwo anaweramira pa tireyi. Adokotala anali akuvala magolovesi chakumapazi.

"Kamtambo," ananong'ona Madamu. "Chotsa chimene wandiika kunsiku. Ndikuona ngati ndigwa pansi."

Kamtambo anayesa kufotokoza kuti sangagwe, kuti kamtsamiroko kali ndi ntchito yake, koma sanamalize.

"Ukundiyankha?"

Mawu amodzi okhawo anakwanira. Mtsikana wa ku koleji anasowa, panatsala kamwana ka pawindo kaja. Dzanja linapita lokha kunsi kwa nsalu. Ankafuna kukoka pang'ono chabe, kungoti Madamu aone kuti wamvera, koma pulasitiki ndi yoterera. Kamtsamiro kanatuluka pafupifupi konse, ndipo mimba ija inabwerera pakati, n'kukhazikika.

"Ndiwe mwana wabwino," anatero Madamu akutseka maso.

Zaka zonse za ku pulayimale mawu amenewo sanawamvepo. Anamukomera mumtima ngati uchi, tisanamizane. Anaima pamutu pa tebulo akumwetulira kunsi kwa chophimba pakamwa, uku anamwino akuyamba kupaka mimba mankhwala ofiirira.

4. Zimene mphuno inaulula

Madontho a diripi ankatsika akuthamangitsana. Kamtambo anawatsatira ndi maso, ndipo mutu wake unayamba ulendo wake wa masiku onse. Anaona mwana wa Madamu atakula, atanyamula chikwama cha sukulu, akufunsa kuti ndani anaima pamutu pa amayi tsiku lija. Anadziona yekha atavala chovala choyera cha madokotala, anthu akumupatsa njira m'khonde.

Chimene chinamubweza ndi mphuno ya Madamu. Inafufuma. Mano anali atalumana, chibwano chikunjenjemera pang'ono, ndipo m'ngodya za maso munalengeza timisozi. Wina aliyense akanati mayiwa akhudzidwa mtima poganiza za mwana wawo. Koma Kamtambo ankadziwa bwino chimene akuona. Madamu anali akumeza kuyasamula, chifukwa munthu ngati iwo sakanayasamula pagulu ngakhale zitavuta bwanji.

Anawerama n'kuwafunsa ngati akumva mseru kapena chizungulire.

"Ndili bwino. Khala chete, akuluakulu akugwira ntchito," anayankha Madamu. Koma mawuwo anatuluka olefuka, ndipo pamphumi panali patamera timadontho ta thukuta. Mphuno inafufumanso kachiwiri. Kenaka anayamba kulankhula motsitsa, maso ali kudenga. "Nyale iyi ikusambira. Taona, ikupita. Ndisiyeni ndigone pang'ono, kuli bwino kumeneku."

Lamba wa pamkono anali atangoyamba kumene kufufuma. Makina anali asananene kanthu. A Tulo anali akuperekabe msana, kamtunda kotambasula dzanja chabe.

Njira zinali ziwiri, ndipo Kamtambo anaziona zonse. Akanatha kukankhira kamtsamiro kaja m'malo mwake mwakachetechete, n'kudikira kuti makina alankhule okha, ndipo palibe akanadziwa chimene dzanja lake linachita. Kapena akanatha kufuula, kuphwanya lamulo la Madamu pamaso pawo, n'kudziulula yekha kwa a Tulo, amene ndi omwe ankalemba ngati wophunzira akuyenera kupitiriza kapena ayi. Koma milomo ya Madamu inali itayamba kutuwa, ndipo kunsi kwa nsalu kunali munthu wina amene sakanatha kudzidandaulira.

"A Tulo, bipi yatsika! Akuyasamula. Kamtsamiro ndinakakoka ine."

Ananena zimenezi manja ali kale kunsi kwa chiuno cha Madamu. Namwino mmodzi anamuthandiza kunyamula, kamtsamiro n'kulowa mpaka mkati, mimba n'kupendekeranso kumanzere. A Tulo sanafunse funso. Dzanja lawo linagwera pa sirinji ija yokonzeratu, n'kulowetsa mankhwala m'chingwe cha diripi, dzanja linalo likufinya thumba la madzi. Anauza adokotala kuti adikire kaye, n'kuuza Kamtambo kuti awaveke mayiwo chopumira mpweya. Pamenepo ndi pamene makina analira mokweza, kusonyeza manambala otsika kwambiri, nkhani itadziwika kale.

"Lankhula nawo, asapite," anatero a Tulo kwa Kamtambo.

Madamu anali akutseka maso, nkhope ili phee ngati munthu amene akumva nyimbo yakutali. Kamtambo anawagwira masaya ndi manja awiri, chinthu chimene sanalotepo ngakhale m'maloto ake onse aja.

"Madamu, tsegulani maso. Muno simugona. Ndiyang'aneni ine, osati nyaleyo."

"Ndisiye, mwana iwe."

"Sindikusiyani. Mukagona inu, mwana wanu apuma chiyani? Tsegulani maso, ndanena."

Maso anatseguka. Anayendayenda kaye ngati akufunafuna khomo, kenaka anakhazikika pa Kamtambo, ndipo munali mkwiyo. Kamtambo sanakondwerepo ndi mkwiyo wa Madamu ngati tsiku limenelo. Lamba anafufuma n'kuphwa, manambala anakwera pang'ono. A Tulo anawonjezera mankhwala. Lamba anafufumanso, ndipo milomo ija inayamba kubwerera mtundu wake.

5. Kulira

A Tulo anayesa dzanzi ndi kathonje kozizira kuyambira pamimba mpaka pachifuwa, n'kugwedezera mutu adokotala kuti ayambe. Nsalu yotchinga inakwezedwa. Kamtambo sanayang'anenso diripi, ngakhale nyale, ngakhale khoma. Maso ake anali pankhope ya Madamu, ndipo chala chake pa mtsempha wa padzanja lawo.

Madamu anangoyang'ana kudenga, milomo ili yotseka.

Patapita kanthawi kunamveka madzi akukhuthuka kuseri kwa nsalu, ndipo adokotala anati mwanayo ndi wamkazi. Azamba anamulandira m'nsalu yofunda n'kupita naye pakatebulo ka pambali. M'chipindamo munangoti zii. Kamtambo anadziwa kuti ngati mwanayo salira, bata limeneli adzayenda nalo moyo wake wonse. Azamba ankapukuta kamsana kaja mwamphamvu.

Kenaka kunamveka kutsokomola pang'ono, n'kutsatira kulira kowawa, kwaukali, kwa munthu amene amudzutsa asanafune. Anamwino anaseka, wina n'kunena kuti ameneyu watengera amake. Azamba anabweretsa mwanayo pafupi ndi tsaya la Madamu, ndipo misozi inayenderera mpaka m'makutu mwawo. Ulendo uno sinali ya kuyasamula.

6. Mawu a pa sinki

Opaleshoni itatha, Madamu atawatengera ku wodi, a Tulo anamupeza Kamtambo pa sinki akusamba m'manja mosalekeza. Anatseka mpopi okha.

"Ndikuuza ziwiri, ndipo usasankhe yokoma yokha. Yoyamba, walakwa kwambiri. Bipi ija ikanatha kutsika ngakhale kamtsamiro kali m'malo, zimachitika, koma iwe unaitsegulira chitseko. Ulemu ndi wabwino, mwana wanga, makolo anakulera bwino. Koma munthu akagona patebulo lija salinso mphunzitsi wako, salinso bwana, ngakhale atakhala mayi ako okubereka. Ndi wodwala, ndipo zimene akupempha si nthawi zonse zimene akufunika. Ukam'mvera pa chinthu chomupha, umenewo si ulemu, ndi mantha ovala zovala za ulemu. Akadandaula kuti agwa, mugwire phewa, muuze kuti uli pomwepo, undiitane ine. Madzi akatayika saoleka. Nkhaniyi ndikainena kumsonkhano wathu, ndipo iwe ukakhalapo, ukafotokoze wekha kuti anzako aphunzirepo."

Kamtambo anawerama, misozi ikugwera mu sinki.

"Yachiwiri ndi iyi. Ine ndaphunzitsa ana ambiri, ndipo ambiri akanakankhira kamtsamiro kaja mwakachetechete n'kundisiya ndikufufuza chimene chavuta. Iwe unanena, ndipo unanena nthawi ikadalipo. Munthu wolakwa n'kunena ndingathe kugwira naye ntchito. Wobisa ndiye amandiopsa. Pukuta m'maso, mawa uli nanenso muno."

Anayamba kuchoka, n'kubwereranso. Anafuna kudziwa kuti kuyasamula kuja anakuona bwanji, popeza iwo atatembenuka pakamwa pa mayiwo panali potseka. Kamtambo anayankha kuti anaphunzira ku pulayimale. A Tulo anamuyang'ana, osamvetsa, n'kupita akupukusa mutu.

Masana dzuwa litapendeka, Kamtambo anali kupinda mabandeji pamene namwino wa ku wodi ya amayi anasuzumira pakhomo. Anati mayi a opaleshoni ya m'mawa aja akufuna mtsikana amene anawakalipira m'fiyeta, ndipo anenetsa kuti abwere yekha. Atafunsidwa ngati akwiya, namwinoyo anangoti nkhope ya mayi amene uja siwerengeka.

Khonde la ku wodi linatalika tsiku limenelo. Makatani oyera ankauluka m'mawindo, kwinakwake wailesi inkaimba motsitsa, koma Kamtambo sanaime kuti aonerere. Anafika pa kachipinda ka kumapeto n'kugogoda. Bambo wina wamtali, amene anali mwamuna wa Madamu, anatuluka n'kumupatsa njira.

Madamu anali atagona chopendeka, mwana ali pachifuwa. Anamuyang'ana Kamtambo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nthawi yaitali.

"Lowa, utseke chitseko," anatero. "Chibadwire palibe mwana amene anandigwirapo masaya n'kundilamula. Zimenezo tikambirana. Koma choyamba khala apa. Paja unandiletsa kugona, ndinali nditafika kale kwinakwake, kutali ndi dziko lino, ndipo kuli munthu amene ndinamuona kumeneko. Sindinauze aliyense, ngakhale bambo a mwanayu. Iwe ndi amene unandibweza, ndiye ndi iwe amene umve."

Kamtambo anatseka chitseko, n'kukokera mpando pafupi ndi bedi.